Kukaonera gemu ya chikho ya matimu ang'onoang'ono ku England ngati munthu wopanda mbali: poyambira ndi pothera

Anzanga amene muli kuno ku England, makamaka inu obwera kumene amene moyo wangokhala shifiti kunyumba, shifiti kunyumba, mpira kumangoonera pa foni, pali mpira wina wake womwe ambirife sitiulabadira chonsecho ukuseweredwa kuseri kwa nyumba zathu zomwezi. Za tikiti ya ku Old Trafford kapena ku Emirates tonse tikuzidziwa, uyambe walipira umembala, kenako ukalimbirane pa intaneti ndi dziko lonse lapansi, ukachita mwayi nkuipeza ndiye kuti mapaundi 50 kapena 60 apita. Koma pansi pa matimu 92 aja a Premier League, Championship, League One ndi League Two kuli matimu mazanamazana omwe amawatchula kuti a non-league, osewera ake ambiri masana amakhala ali ku ntchito zina, wina ndi pulambala, wina ndi mphunzitsi, wina amayendetsa vani yoperekera katundu, mpira nkumakakonzekera madzulo akaweruka. Tsiku lokoma kukawaonera ndi la chikho chifukwa wagonja watuluka basi, palibe zoti tidzabweza sabata ya mawa. Nde kupita ulibe mbali ndiye kokoma zedi, mtima suthamanga, olo wina amwetsedwe zigoli 5 iwe umabwerako ukuseka.

Yambani ndi kudziwa zikho zake

Zilipo zitatu zikuluzikulu ndipo anthu amazisokoneza. FA Cup tonse timaidziwa, inayamba mu 1871, koma ambirife timayamba kuitsatira mu January akalowa ma Arsenal ndi ma Liverpool. Zoona zake nzoti chikhochi chimayamba kumayambiriro kwa August ligi yaikulu isanayambe nkomwe, ndipo matimu opitirira 700 amalembetsa. Ndime za chipulula zilipo 6, extra preliminary, preliminary, kenako ma qualifying anayi, pafupifupi pakatha masabata awiri aliwonse mpaka pakati pa October. Matimu 32 omwe apulumuka pamenepo ndi omwe amasakanizidwa ndi 48 a League One ndi League Two mu November. Ndiye kuti katimu ka pamudzi koyambira pansi penipeni kamayenera kutulutsa matimu 6 kuti kangofika pomwe anzawo akuti ndime yoyamba.

Chachiwiri ndi FA Trophy, chinayamba mu 1969, ndi cha matimu a National League, ligi yomwe ili pansi pa League Two, kutsika mpaka ma ligi a Northern Premier, Southern ndi Isthmian. Chachitatu ndi FA Vase, cha 1974, cha matimu apansi pa amenewa, a m'timatauni ndi m'midzi. Mukamva akunena kuti Step 1, Step 4, Step 5 akutanthauza makwerero omwewa, Step 1 ndi National League, nambala ikamakula ndiye kuti timu ikuchepa. Ma fainolo a Trophy ndi Vase amachitikira ku Wembley tsiku limodzi mu May kuyambira 2016, tikiti imodzi magemu awiri, ndipo kwa ambiri ndi njira yotchipa kwambiri yolowera mu Wembley. Whitley Bay ya kumpoto kufupi ndi Newcastle inatenga Vase zaka zitatu zondondozana, 2009, 2010 ndi 2011, nde musaganize kuti eniake amaitenga ngati masewera a ana.

Kusankha gemu, apa ndi pomwe pagona nkhani

Ndandanda wa magemu umakhala pa webusayiti ya FA akangochita maere. Palinso Football Web Pages, ndi apu ya Futbology yomwe imakuonetsani pa mapu magemu onse omwe ali pafupi ndi pomwe mwaima. Okonda pepala, Lamulungu lililonse kumatuluka The Non-League Paper. Ndime zoyambirira maere amachita motengera zigawo kuti matimu asawononge ndalama pa thiransipoti, choncho kaya muli ku Leeds, ku Leicester, ku Luton kapena ku Manchester, mu September simungalephere kupeza gemu ya FA Cup pa mtunda wa ola limodzi.

Ine langizo langa ndi ili: sakani gemu yomwe timu yaing'ono ili pakhomo ndipo ikulandira timu yomwe ili sitepe imodzi kapena awiri pamwamba pake. Pamenepo ndi pomwe pamakhala moto. Aang'onowo amathamanga ngati mawa kulibe, tauni yonse imatuluka, anthu omwe sabata zonse amabwera 150 tsiku limenelo amatha kuwirikiza katatu, ndipo aakuluwo akangomwetsedwa chimodzi mumaona kochi wawo akuyamba kumenya botolo la madzi pansi. Yaikulu ikakhala pakhomo nthawi zambiri gemu imatha chigawo choyamba chomwe.

Cholakwika chomwe ambiri amachita nkudikira gemu ya pa TV. Tamworth italandira Tottenham mu January 2025 nkuigwira 0-0 mpaka mphindi 90 kutha, aliyense ankafuna akanakhalapo, koma bwalo laling'ono ngati lija matikiti amayamba kugulitsa kwa eni timu omwe akhala akubwera mvula ndi dzuwa, ndipo nzoyenera, wopanda mbali sumawerengedwa. Inu pitani kumayambiriro nkhani isanatchuke. Maidstone United yomwe inakatulutsa Ipswich 2-1 pa Portman Road mu January 2024, kochi wake ali George Elokobi wa ku Cameroon, ulendo wake inauyambira mu September ku ndime za chipulula pomwe aliyense akanangofika pageti nkulowa. Lincoln City inafika mu makotafainolo mu 2017 itakhoma Burnley 1-0, timu yoyamba ya non-league kufika pamenepo m'zaka zoposa 100. Ndipo musaderere osewerawo, Jamie Vardy asanapite ku Leicester mu 2012 anadutsa ku Stocksbridge Park Steels, FC Halifax Town ndi Fleetwood Town.

Ngati mpira wake mukuukayikira, sankhani chifukwa cha bwalo. Ku Sheffield kuli Hallam FC, bwalo lawo la Sandygate lakhala likuseweredwa mpira kuyambira 1860 ndipo limadziwika kuti ndi lakale kuposa onse padziko, ndi lotsetsereka moonekeratu moti chigawo china timu imakwera mtunda chigawo china imatsika, mbali imodzi mulibe malo oima anthu chifukwa ndi bwalo la cricket. Ku Crosby kufupi ndi Liverpool kuli Marine, omwe analandira Tottenham ya Mourinho mu January 2021 nthawi ya Covid, mbali ina ya bwalo ndi maseri a nyumba za anthu ndipo pampanda anamatapo manambala a nyumbazo kuti mpira ukagwera uko adziwe chitseko chokagogoda.

Bwalo lili kuti kwenikweni?

Musangodalira dzina la timu, mudzalira. Sheffield FC, timu yakale kuposa onse ya 1857, imasewerera ku Dronfield ku Derbyshire osati mu Sheffield. Bradford Park Avenue sisewerera ku Park Avenue, ili ku Horsfall. Kuli Ashford United ku Kent komanso Ashford Town ya ku Middlesex kufupi ndi Heathrow, malo awiri otalikirana zedi. Matimu ena alibe bwalo lawolawo amachita kubwereka kwa anzawo tauni ina, ndipo zikatero gemu imatha kusunthidwa kukhala Lachisanu usiku kapena Lamulungu eni bwalo akakhala kuti nawonso ali pakhomo Loweruka. Nde tengani postcode pa webusayiti ya timu ya pakhomo, muyerekezenso ndi zomwe alemba pa X kapena pa Facebook sabata imeneyo. Muonenso pamenepo ngati akuti matikiti ndi ogulira pageti kapena ogulatu pa intaneti.

Thiransipoti: yambani ndi wobwerera

Kupita sikuvuta, masana mabasi ndi masitima ali mbwee. Chovuta nkubwerera. Loweruka mpira umayamba 3 koloko nkutha cha m'ma 5, zikafika ku mapenate onjezerani mphindi 20. Pakati pa sabata umayamba 7:45 usiku nkutha cha m'ma 9:40, ndipo ikakhala gemu yobwereza ya FA Cup imatha kupita ku nthawi yoonjezera ndi mapenate, kutuluka pageti 10 koloko itadutsa kale. M'timidzi tambiri basi yomaliza imadutsa kachisisira, Lamulungu mwina kulibiretu. Choncho musanagule chilichonse onani kaye sitima kapena basi yomaliza, muonenso yachiwiri kwa yomaliza ndipo mulinge imeneyo, yomalizayo ikhale yopulumukira. Muwerengenso ya Adamu kuchoka ku bwalo kufika ku siteshoni, mabwalo ambiri a matimuwa ali kumapeto kwa tauni kuseri kwa mafakitale, ndipo mu December 4 koloko kumakhala kutada kale, kanjira kachidule kodutsa m'paki komwe Google Maps inakuonetsani masana usiku kamakhala kopanda getsi olo limodzi.

Pa sitima, tikiti ya Advance ndi yotchipa koma imakumangirirani ku sitima imodzi, ndipo gemu ikalephereka ndalama yanu kuibweza ndi nkhondo. Pa ulendo wapafupi bola kugula Off-Peak Return tsiku lomwelo mutatsimikiza kuti mpira ulipo. Amene muli ndi Railcard, khadi yotsitsira mtengo wa sitima, kaya ya azaka 16-25, ya azaka 26-30 kapena Two Together ya anthu awiri oyendera limodzi, mumachotseredwa gawo limodzi mwa atatu. Chenjerani ndi kumapeto kwa sabata, ndi nthawi yomwe amakonza njanji, mukaona mawu oti rail replacement bus, basi yolowa m'malo mwa sitima, dziwani kuti ulendo wa mphindi 40 ufika ola ndi theka. Mabasi ambiri kunja kwa London kuyambira January 2025 ulendo umodzi supitirira mapaundi 3. Pagalimoto ndiye kophweka, mukhoza kutolerana anayi nkusonkha ya mafuta, koma musaimike kuseri kwa golo, mpira wa kumeneku umauluka kwambiri ndipo galasi lake palibe adzakulipireni.

M'mawa wa tsikulo

Musatuluke m'nyumba musanaone tsamba la timu ya pakhomo. Mabwalo a kapinga weniweni kuyambira November mpaka February amadzadza madzi kapena kuuma gwa ndi chisanu, nde akalemba kuti pitch inspection 10:30 ndiye kuti oyimbira akukaliyendera bwalo nthawi imeneyo kuti agamule ngati mpira ulipo. Dikirani chigamulocho. Nthawi zina amadzalepheretsanso oyimbira wa gemuyo akafika 1:30 inu muli kale m'njira, choncho khalani ndi gemu ina yapadera m'thumba ya dera lomwelo, makamaka pa bwalo la kapinga wa pulasitiki lomwe amati 3G, limenelo mvula silimva.

Zovala, valani ngati mukupita kukagwira ntchito panja. Jekete yosalowa madzi, chipewa, magolovesi, masokosi awiri ndi nsapato ya sole yokhuthala chifukwa kuzizira kwake kumalowera kumapazi, mwaima pa simenti maola awiri osasuntha. Ambulera imasowetsa mtendere anthu a kumbuyo kwanu komanso mphepo imaitembenuza. Jezi ya Man U kapena ya Chelsea isiyeni kunyumba, palibe angakumenyeni koma mudzangooneka ngati mwasochera, ndipo onani makala a matimu awiriwo kuti musapezeke mwavala jekete yofiira pakati pa anthu obiriwira. Tengani kashi pang'ono, mapaundi 20 mpaka 25 kuphatikizapo makoini, malo ambiri pano amalandira khadi koma kamakina kake netiweki ikavuta kamangozungulira.

Pageti ndi mkati

Fikani patatsala ola lathunthu. Polowera nthawi zambiri ndi kachitseko kachitsulo kozungulira kapena tebulo chabe, pali agogo atavala sikafu ya timu ndi kachitini ka ndalama. Ku Step 5 ndi 6 kulowa kawirikawiri sikufika mapaundi 10, kukwera ma sitepe mtengo nawo umakwera mpaka cha m'ma 20 ku National League, ana ndi okalamba amachotseredwa. Pa gemu ya FA Cup ndalama ya pageti akachotsa zolipira matimu awiriwo amagawana pakati, nde kandalama kanuko kathandiza onse awiri, zomwe kwa wopanda mbali zikukhalira bwino.

Mukangolowa wina adzakutambasulirani kabuku ka gemu ka mapaundi awiri kapena atatu, gulani, muli maina a osewera ndi mbiri ya alendo, ndipo anthu alemba usiku mongodzipereka. Winanso adzabwera ndi ndowa akugulitsa timatikiti ta rafo kapena 50-50, paundi imodzi, opambana amalengezedwa popumulira, theka la ndalama kwa wopambana theka ku timu. Musakane zonse, matimuwa amayendera tindalama timeneti, magetsi a usiku ndi ochapa yunifomu amalipidwa kuchokera pamenepa.

Kenako lunjikani ku clubhouse, kabala ka timu. Apa ndi pomwe ambiri opita koyamba amaphonya, amakaima yekha kumpanda mphindi 40 kumaonera osewera akutenthetsa thupi. Mkatimo masapota a mbali zonse amakhala pamodzi, pakhoma pali zithunzi za matimu akalekale ndi masikafu a alendo omwe anadutsapo, pa TV pali gemu ya masana. Gulani kanthu, imani pafupi ndi mdala aliyense wa sikafu nkumufunsa kuti lero tiyang'ane nambala chani, basi mwatsegula mpopi, adzakuuzani za sitiraika yemwe akufunidwa ndi timu ya pamwamba, za goloboyi wobwereka, za oyimbira yemwe anawabera chaka chatha. Adzakufunsani kuti mukuchemerera ndani, yankhani zoona kuti ndilibe mbali ndangobwera kudzaonera, kumeneku sizachilendo, pali anthu otchedwa ma groundhopper omwe ntchito yawo nkungoyendera mabwalo atsopano sabata iliyonse nkumalemba m'kabuku.

Za mowa funsani kaye. Magemu a ligi m'ma sitepe apansi anthu amamwa ataima kumpanda, koma ikakhala gemu ya chikho cha FA nthawi zambiri amaletsa kutuluka nawo mu bala, mudzaona chikwangwani pachitseko. Chakudya ndi pa kawindo ka tiyi, chipisi, baga, ma pie, ndi Bovril womwe ndi msuzi wa ng'ombe wotentha wa m'kapu, koyamba umadabwitsa koma kukazizira umagwira ntchito. Pitani pakawindopo patatsala mphindi zisanu kuti apumulire, apo ayi chigawo chachiwiri chikuyambirani muli pamzere.

Poima ndi makhalidwe a wopanda mbali

Magemu ambiri salekanitsa masapota, mukhoza kuzungulira bwalo lonse. Akangoponya koini mudzaona gulu likunyamuka kupita kuseri kwa golo lomwe timu yawo ikumwetsa, gulu lina kupita mbali inayo, popumulira nkusinthana, kudutsana pakanjira kopapatiza ma drum ndi mbendera zili m'manja popanda wokankha mnzake. Ine ndimati chigawo choyamba imani pakati kufupi ndi mabenchi a makochi. Mumamva chilichonse, kochi akukalipira difenda potchula dzina, kaputeni akukangana ndi wonyamula mbendera yemwe ali pafupi moti mukhoza kumugwira phewa, kugundana kwa ma shin pad, mpweya wa osewera uli tolotolo m'chisanu. Zimakumbutsa bonanza ya kumudzi pomwe mpira ukatuluka amene waugwira ndi amene amauponya mkati, ndipo inde ukabwera kwa inu ubwezeni msanga, kwa timu iliyonse, musachedwetse. Chigawo chachiwiri pitani kuseri kwa golo kwa omwe akuimba kwambiri kapena kwa omwe akusaka chigoli chofananitsa.

Ombani m'manja chigoli chabwino cha mbali iliyonse, koma mukaima pakati pa eni bwalo alendo nkumwetsa musadumphe ngati waganyu, ingogwedezani mutu basi. Osatukwana osewera, bambo amene mwaima nawo pafupiyo mwina ndi bambo ake a mwana yemwe waphonya golo lopanda goloboyiyo, ndipo mayi ake ndi omwe anakugulitsani tiyi. Kunena zoona pofika mphindi 70 mudzapezeka mtima wapendekera kwa aang'ono, palibe vuto, aliyense zimamuchitikira.

Ndinene ndi ichi poti ena amafunsa. M'timatauni tina mukhoza kupezeka kuti kunja kwa osewera wakuda ndinu nokha. Kawirikawiri anthu amakhala ansangala, amangofuna kudziwa kuti mwadziwa bwanji za timu yawo. Koma wina akalankhula za tsankho, kwa inu kapena kwa wosewera, musalimbane naye, uzani steward wovala jekete yowala kapena wamkulu aliyense wa timu, komanso bungwe lolimbana ndi tsankho mu mpira la Kick It Out limalandira madandaulo a magemu a pansi omwe. Ikakhala gemu yomwe alengeza kuti masapota alekanitsidwa, lowani mbali ya eni bwalo ndipo khalani phee.

Ikatha

Dziwiranitu lamulo la chikhocho kuti musathamangire sitima mpira usanathe. Mu Trophy ndi Vase masiku ano, kupatula fainolo, akalepherana pa mphindi 90 amalunjika ku mapenate tsiku lomwelo. Mu ndime za chipulula za FA Cup akalepherana amakabwereza kwa alendo, kawirikawiri Lachiwiri lotsatira usiku, koma kuyambira ndime ya November kupita mtsogolo zobwereza anazithetsa mu 2024, zomwe matimu ang'onoang'ono anadandaula nazo kwambiri chifukwa gemu yobwereza pa bwalo lalikulu ndi yomwe inkawapatsa ndalama ya zaka. Mapenate akafika thamangirani kuseri kwa golo lomwe asankha, palibe angakuletseni.

Ngati nthawi ilipo bwererani mu clubhouse mphindi 20, osewera a matimu onse amabwera momwemo atasamba kudzadya, oyimbira nawonso, ndipo sitiraika amene mumamuombera m'manja uja mumapezeka mwaima naye pamzere umodzi. Lolemba lake onani maere a ndime yotsatira. Ena amachita dala kutsatira wopambana, akatuluka nkutsatira amene wamutulutsayo, mpaka pomwe matikiti adzayambe kusowa. Mukafuna kutero werengerani bwino thumba ndi mashifiti, chifukwa kufika November maere satengeranso zigawo, timu ya ku Kent ikhoza kuponyedwa ku Carlisle.